Msampha umene tinatchera mphunzitsi wa Chingerezi

Lamlungu lapitali, titangotuluka m'tchalitchi, ndinavala jekete yanga ija ya maukwati ndi maliro n'kukakhala pakhonde pa mlongo wanga Naphiri kudikira mlendo. Dzuwa linali loti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, koma jekete sindinavule. Munthu polandira mkamwini suoneka ngati wosonkha moto m'mabalani a fodya, ngakhale ntchito yako ili yomweyo.

Ndiyambe ndakuuzani chimene chinandiveka jeketeyo, kuti pondiseka muziseka mukudziwa.

Pa pulazi yathu ino ku Tengwe pali sukulu. Musaganize za mawindo ndi mabenchi ayi. Ndi shedi yakale yosankhiramo fodya, bolodi lake ndi chitseko chopaka utoto wakuda, belu ndi chitsulo cha pulawo chopachika pamtengo. Anaitsegula ndi Bwana wathu, amene ife timamutcha Sajeni, pakuti malo ano anapatsidwa atabwera ku nkhondo ija ya Ajeremani, ndipo mpaka lero amayenda ngati pali wina akumuimbira lipenga kumbuyo. Sanatsegule chifukwa chokonda ana athu. Anaona kuti anthu a mabanja akuthawira ku mapulazi okhala ndi sukulu, ndiye anadziwa kuti njiwa imatera pamene pali mapira.

Sukuluyi imalekeza Sitandade 3. Mwana wofuna kupitirira ayenera kulemba mayeso a ku mishoni, ndipo mlonda wa pachipata cha mayesowo ndi Chingerezi. Masamu ana athu sawavuta, anabadwira m'kuwerenga mizere. Chingerezi ndicho chimawabweza. Tsono lamulo la Sajeni ndi lalifupi ngati mchira wa mbuzi: mwana amene sali m'sukulu ali m'shedi, kusoka fodya pa mikangala.

Mdzukulu wanga Lusiya ali mu Sitandade 3 chaka chino. Mayi ake, mwana wanga mmodzi yekhayo, tinamuika kumanda a kuseri kwa mabalani Lusiya akadali wa kumsana. Bambo ake anapita ku Joni n'kutchona. M'nyumba mwanga tatsala awiri. Mwanayu ali ndi zala zazitali zopepuka, ndipo kapitawo akamuona akudutsa amati, "Uyu adzasoka bwino." Amanena ngati akuyamikira.

Vuto lathu n'lakuti aphunzitsi sakhala. Woyamba anatengedwa ndi damu lija akumanga ku Kariba, akuti kukafunika kalaliki. Wachiwiri ndi womasulira pa khoti lina kumunsiku. Wachitatu anangosiya choko pa tebulo, tinamva kuti ali pa sitolo ku Halale, wavala tayi. Mphunzitsi wosadziwa Chingerezi amakhala nafe mpaka imvi, koma amene akuchidziwa timangomubwereka.

Wachinayi ndi amene tili nayeyu, a Muchenje, mnyamata wa Chizezuru wa kwa Zvimba. Uyu ndiye mphunzitsi. Chifikireni iye, Lusiya sasiya chitini chidutse osachiwerenga. Matumba a feteleza awerenga, botolo la dipi awerenga, tsiku lina anandiwerengera mpaka kumbuyo kwa jekete yanga n'kundiuza dziko limene inasokedwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuvala dziko la eni pakhosi osadziwa.

Ndiye m'nyengo yozizira ija tinamva kuti a Muchenje anaoneka pa basi ya ku Mhangura, kumene atsegula mgodi wa kopa, atapesa tsitsi mzere pakati.

Tinakhala pansi pa thanki ya madzi ine ndi mnzanga Zuze, wa ku Tete, woweta ng'ombe za pulazi, amene ali ndi ana atatu m'sukulumo. Zuze amaweta nkhunda, ndipo nzeru zake zonse zimachokera m'khola la nkhunda.

"A Phiri," anatero, "nkhunda yaimuna ukafuna isathawe, suidula mapiko. Umaipezera yaikazi."

Ndinamuyang'ana, nayenso anandiyang'ana. Ndinati, "Esinati alipo."

Esinati ndi mwana wa Naphiri, namwali wooneka bwino, wosankha fodya m'shedi yaikulu. Ine ndine mtsibweni wake, mwini mbumba. Inu a kwathu mukudziwa mmene timakwatirira. Mwamuna amabwera kwa mkazi, amamanga nyumba kuseri kwa apongozi, amalima munda wawo, ndipo akafuna ulendo amayamba wapempha. Mkamwini sakula mwendo. Tinaona kuti mphunzitsi akangolowa chikamwini pa komboni pano ndiye kuti tamukhoma msomali. Mgodi ungaitane bwanji munthu amene ali ndi apongozi pakhomo?

Ntchito inayamba. Mbale ya chakudya cha aphunzitsi inkapita ndi ana, ine ndinati ana amataya msuzi panjira, azipititsa Esinati. Mwendo wanga unayamba kudwala masiku okhawo amene ndinali ndi uthenga wa kusukulu, kuti ndizituma Esinati. Aphunzitsi akadutsa pakhomo ndinkawakokera pa mkeka n'kumati, "Talawani nkhwani izi, watendera ndi Esinati," chonsecho watendera ndi mayi ake. Naphiri ankangopukusa mutu.

"Achimwene, moto mukusonkhawu si wa m'balani. Mudzapsa nawo."

Ndinamuyankha kuti ine zaka makumi awiri ndikusonkha moto, tsamba silinandipserere ndi limodzi lomwe.

Itatha miyezi itatu, uthenga unafika kuti Lamlungu kubwera munthu wa aphunzitsi kudzakamba za m'nyumba. Ine ndi Zuze tinalowa m'thengo n'kudula mitengo ya nyumba. Malo tinayeza ndi mapazi kuseri kwa Naphiri, khomo kuyang'ana kusukulu, kuti mkamwini akadzuka aziona ntchito yake.

Mlendo uja anafika dzuwa lili paliwombo. Bambo wachikulire, chipewa m'manja, anzathu a Chizezuru amati munyai, ife tingati nkhoswe ya kuchimuna. Anakana mpando, anakhala pansi, anawomba m'manja nthawi yaitali mpaka ndinayamba kudziona ngati munthu. Anaika kambale ka mtengo patsogolo panga n'kundilonjera m'chinenero chawo, kunditcha sekuru, ndiye kuti atsibweni.

"Makadii, sekuru. Mwana wathu waona moto pakhomo pano, akupempha kuwotha nawo."

Ndinati, "Awothe, nkhuni zilipo."

Anawombanso m'manja. Kenaka anafunsa mwaulemu kuti ng'ombe tikufuna zingati.

Zuze, amene anakhala pambali panga, anaseka mpaka fodya wa m'mphuno anamutsamwitsa. Ine ndinati, "Bambo, ife sitigulitsa anthu. Kwathu tambala ndi thadzi, ankhoswe adye, basi ukwati watha."

Munyai uja nkhope inagwa. "Aiwa, sekuru. Mkazi waulere? Kwathu akatiseka mpaka ku manda. Nanga popanda roora, ng'ombe zolowolera, ana adzakhala a yani?"

"A kuno. A yaninso?"

Pofuna kukonza zinthu ndinanyamuka n'kumutengera kuseri, ndinamuonetsa malo ndi mitengo ija, ndinamuuza kuti udzu tidzamweta tokha, mkamwini asavutike, iye azingophunzitsa.

Bamboyo anayang'ana mitengo, anayang'ana ine.

"Nyumba ilipo kale, sekuru. Ya njerwa, zipinda ziwiri, mpopi uli panja. Ku Mhangura."

Ndipo anafotokoza bwinobwino, ngati munthu wobweretsa nkhani yokoma. Ntchito ya ukalaliki ku mgodi a Muchenje anaipeza kale m'nyengo yozizira ija, koma ankazengereza. Amuna osakwatira kumeneko amagona mulu m'chipinda chimodzi, ndipo iwo sanafune kukagona ndi mabuku awo pakati pa nsapato za anthu. Nyumba amapatsa munthu wokwatira yekha. Tsono poti mkazi wapezeka, kutha kwa mwezi uno akukayamba.

"Ndiye anandituma kuti ndikuthokozeni kwambiri, sekuru. Akuti pakanapanda inu, bwenzi akadali pano chaka china."

M'khitchini ndinamva Naphiri akuseka, kuseka kuja kumene kumathera m'misozi. Zuze anapeza kuti ng'ombe zake zikufuna madzi.

Mukuti ndikanakana? Ndinaganiza zimenezo. Mwini mbumba ndine, ndikati ayi ndi ayi. Mlendo atapita ndinaitana Esinati. Anagwada patali pang'ono monga mwa mwambo, koma maso sanagwade.

"Atsibweni, mukukana chiyani? Si inu munkandituma ndi mbale?"

"Ndinkakutuma kuti iye akhale, osati kuti iwe upite."

"Ndiye ine ndinali chikhomo chomangirapo mbuzi?" Anatambasula manja ake. "Taonani. Phula la fodya ili silichoka ngakhale ndi sopo. Ndinalowa m'shedi ndili msinkhu wa Lusiya, inu muli pompano, simunadule mitengo. Mukufuna Lusiya atuluke, ine ndikhalemo mpaka kufa, ndikokeremonso ndi mwamuna wanga?"

Jekete ndinavula.

Tsono abale anga owerenga, sekani, mukatha tikambe.

Chithere nkhondo ija dziko lino lathamanga ngati ngolo yopanda mabuleki. Ndinafika kuno wapansi kuchokera ku Dedza, Tengwe ali thengo la njovu ndi kashembe. Asilikali achizungu atabwera anagawiridwa malo, ife tinazula zitsa, fodya anakwera mtengo, mabalani anamera ngati bowa. Lero uku mgodi, uku damu, uku msewu wa tala, ndipo a boma la Chitaganya akuti tonse tikwera limodzi. Chabwino. Koma pakhomo lililonse la zinthu zatsopanozi paima munthu wofunsa funso limodzi: Chingerezi ukuchidziwa? Wodziwa amamupatsa pensulo. Wosadziwa amamupatsa fosholo. Abale athu ena anapita ku nkhondo komweko, anabwera ndi mendulo ndi chifuwa, koma pakhomopo anawapatsa fosholo.

Nanga Chingerezicho tikachitenge kuti? Anthu a m'tauni amaganiza kuti ife a m'mapulazi, poti timakhala ndi azungu, timachitola ngati masuku. Bodza. Ine ndatumikira azungu anayi, ndipo palibe mmodzi anandiyankhulapo m'chinenero chake. Kwa ife amayankhula Chilapalapa: buya lapa, faka moto, checha, hayikona. Chingerezi amasungira mkazi wake, galu wake ndi hachi. Galu wa Sajeni amamva Chingerezi kuposa ine, ndipo sanalipire fizi. Ine changa ndi chija ndinatola ku mishoni kwathu mu Sitandade 1, ndisanathawe chifukwa cha chikwapu. Chimakwana kupereka moni ndi kupepesa. Pa pulazi zimenezo n'zokwanira, pakuti ntchito yathu yaikulu ndi kupepesa.

Ndiye chitsime chathu n'chimodzi, mphunzitsi. Koma taonani mmene zakhalira. Dziko likamakula limafuna makalaliki. Makalaliki limawatenga kuti? M'sukulu zathu zomwezi, osati ana ayi, koma aphunzitsi awo. Likudya mbewu. Mlimi wanji amene amakazinga chimanga cha mbewu chifukwa alendo afika, n'kumayembekeza kukolola? Mgodi ukufuna anthu odziwa Chingerezi lero, ndiye ukutenga munthu amene akanaupangira makumi atatu mawa. Ndipo sindingamunene mnyamatayo. Pano amalandira ngati kapitawo wamng'ono, amagona m'nyumba yodontha, nthawi yothyola fodya ana amamulanda m'kalasi dzuwa lisanakwere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikanakhala ine ndikanapesa tsitsi kalekale.

Lolemba m'mawa ndinapita kwa Sajeni. Ndinamupeza ku nazale akukalipira anthu othirira. Ndinavula chipewa n'kumuuza m'Chilapalapa changa kuti ticha akupita, tipezereni wina.

Anati wamva kale. Anati iye watopa kuphunzitsira mgodi anthu. Anati akalemba kalata imodzi ku mishoni, imodzi yokha, ndipo ngati kuthyola kuyamba mphunzitsi asanapezeke, shedi ibwerera ku ntchito yake yakale, pakuti chaka chino wabzala wambiri ndipo alibe poika. Ana azisoka. Anandisisita paphewa n'kunena kuti aziko ndaba, palibe vuto madala, mwana wosoka amalandira phoso lake. Sananene mwankhanza. Ndi chimene chinandiopsa kwambiri.

Ndinawerenga masabata pa zala. Aphunzitsi apita kutha kwa mwezi uno. Mayeso a ku mishoni ndi mwezi wa mawa kumapeto, ndipo mwana sapita yekha, amamulembetsa ndi kumuperekeza ndi mphunzitsi wake. Kuthyola kuyamba mvula ikakhazikika. Mwana akangolowa m'shedi nyengo imodzi, ndani anamuonapo akutulukamo? Ine sindinamuone. Esinati analowa kuti athandize mwezi umodzi.

Masiku awiri chakudya sichinandilowe. Lusiya ankandifunsa kuti agogo mwadwala, ine n'kumati ndi mwendo uja. Mwendo wabodza uja unandithandizanso kachiwiri.

Lachitatu madzulo, ana ataweruka, a Muchenje anabwera okha kunyumba kwanga. Anakhala pa mtondo wogubuduza, mawondo pamodzi, ngati mwana woti waswa chikho.

"Sekuru, ndamva kuti munadula mitengo."

"Inali ya khola la nkhuku," ndinatero.

Anamwetulira pang'ono, kenaka anati, "Ine kukhala sindingakhale, ndisakunamizeni. Koma Lusiya mutu wake ndi wabwino, woposa ana onse amene ndaphunzitsapo. Ku mgodi kuli sukulu yofika Sitandade 6, ya ana a anthu a m'nyumba zija. Ine ndi Esinati takambirana. Tipatseni mwanayu, tikamulembetse ngati wa m'nyumba mwathu. Chipinda chachiwiri chija chikhala chake."

Ndinafunsa kuti adzabwera liti kudzandiona. Anati pa holide, basi ikapezeka. Ndinafunsa kuti m'nyumbamo azikayankhula chiyani. Anati Chizezuru ndi Chingerezi, Chinyanja kwa Esinati. Ndinafunsa kuti ndikadwala madzi adzanditungira ndani. Funso limenelo litangotuluka ndinachita manyazi kuti ndafunsa.

Mukuona mmene msampha wanga wagwirira? Ndinatchera kuti ndigwire munthu mmodzi abwere m'mbumba mwanga. M'malo mwake mukutuluka awiri. Kwathu mbumba ndiyo chuma cha mwamuna, ndipo mtsibweni amene ana aakazi amuthera m'manja amasekedwa pa bwalo. Ndikudziwanso zimene zimachitika. Ndawaona ana opita ku masukulu akutali. Chaka choyamba amabwera akuthamanga. Chachiwiri amabwera ndi nsapato, sakhala pa mkeka. Chachitatu amatumiza kalata m'Chingerezi, iwe n'kumayenda nayo komboni yonse kufuna wokuwerengera, wokuwerengerayo ali ku mgodi.

Ndinaitana Lusiya, amene anali kuseri akunamizira kutsuka mbale imodzi kuyambira pamene mlendo anafika.

"Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Ukufuna?"

Anayang'ana pansi, chala cha kuphazi chikukumba dothi. "Inu mukatsala ndi yani?"

"Ndakufunsa zimenezo? Ndati ukufuna?"

"Ndikufuna, agogo."

Ndinauza a Muchenje kuti amutenge. Za ng'ombe ndinati akambe ndi Naphiri, ine ndatuluka m'nkhani za maukwati, sindizidziwa. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti kalata zake kwa ine azilemba m'Chinyanja, zilembo zazikuluzikulu, pakuti maso anga ndi a Sitandade 1. Anavomera. Atapita ndinakhala pakhomo osadziwa ngati ndapambana kapena ndaluza. Mpaka lero sindikudziwa. Mwina mwanayo akakafika adzakhala wolera ana a Esinati, sukulu n'kukhala nkhani. Zoterezi zimachitika, ndipo ndidzakhala kutali. Koma shedi ndikuidziwa, Mhangura sindikumudziwa, ndiye ndasankha chimene sindikuchidziwa.

Dzulo m'mawa ndinakumana ndi Zuze pa dipi. Nkhani inali itamufika kale, komboni ilibe chitseko. Sanandiseke monga ndinkayembekezera. Anatsamira ndodo yake n'kuyang'ana ng'ombe zikusambira.

"Ndamva kuti wanu akupita, a Phiri."

"Akupita."

"Zabwino zimenezo. Mulungu amuyendetse." "Msampha tinatchera awiri, nyama mwadya nokha."

Nanenso ndinayang'ana ng'ombe zija.

"Anga atatu aja," anatero, "wamkulu anayamba kuwerenga mawu a pa thumba la mchere. Dzulo wandifunsa kuti ticha watsopano afika liti. Ndimuuze chiyani?"

Ndinati kalata yapita ku mishoni, chonsecho sindikudziwa ngati Sajeni wailemba n'komwe.

"Imodzi," anatero Zuze, n'kukusa ng'ombe zake.

Ndiye ndikufunsa inu amene mumawerenga tsamba lino m'maofesi a ku migodi ndi m'masitolo a ku Halale, inu a tayi amene Chingerezi chanu munachiyamwa m'mashedi ngati yathuyi. Mitambo yayamba kusonkhana kumpoto, fodya akukula usiku ndi usana. M'sukulu muja mutsala ana odzaza mabenchi a njerwa asanu, ndipo si onse ali ndi Esinati woti akwatiwe. Mwana wa Zuze akufunsa kuti ticha afika liti. Ine ndamuyankha bambo ake zabodza. Inu mukuti ndikamuuze chiyani mwanayo?